Banga la dzanja la bambo pakhomo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi onse pakhomopo. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa sichikundichoka chifukwa cha fumbi la matabwa.

Uthenga wanu woti mukufuna kupenta nyumba yonse alamu asanalowemo ndaulandira. Ndasangalala, koma ndili ndi pempho limodzi. Ndiyambe ndafotokoza za ntchito yanga, popeza amayi amauzabe anthu kuti ndimapenta maofesi.

Kuno kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amachita phwando la masewero. Woonerera palibe. Aliyense amavala zachilendo n'kusanduka munthu wina tsiku lonse, uyu dokotala, uyu wapolisi, uyo mbava. Masanje enieni, achimwene, koma a anthu a galimoto zawo. Ife timawamangira malo osewereramo m'chinyumba chomwe kale ankasungiramo katundu. Akalipentala amaimika makoma a matabwa opyapyala aja amati mapulayi, ine ntchito yanga n'kukalambitsa. Thabwa latsopano ndimalimenya ndi tcheni, n'kulipaka tiyi ndi polishi wa nsapato mpaka lioneke lotopa. Mukanandiona mukanati ndikuwononga katundu wa eni ake.

Ulendo uno anatiuza kuti timange nyumba ya makaniko amene wasowa, osewerawo azifufuza m'zipinda kuti anali munthu wotani. Abwana amati chipinda chimakhulupirika ndi litsiro lake, m'malo amene anthu amagwiragwira. Pomwepo ndinakumbukira bambo akamachokera ku galaja: dzanja limodzi atalitsamiza pakhoma pafupi ndi chitseko, linalo akumasula nsapato, amayi akukalipa kuti kodi sopo amagulira chiyani. Ndinasakaniza girizi ndi mwaye n'kujambula banga la dzanja lawo lija linatsala pakhoma la kwathu, mmene ndimalikumbukirira.

Kalipentala wathu wamkulu, amene timamutcha Msomali chifukwa chowonda, ataliona anaseka mpaka kukhala pansi. Anandifunsa ngati makanikoyo ankavulira nsapato pa makwerero. Abwana, omwe ndi aatali ndithu, anachita kunyanyamphira kuti afikepo. Ine ndinalimbikira kuti kwathu lili pomwepo, mukundidziwa makani anga. Kenako ndinazindikira pamene ndinalakwitsa. Bambo anatisiya ndisanayambe sukulu, ndipo banga lija ndinkaliona nditakweza mutu. Chikulireni ndakhala ndikungodutsapo osaliyang'ana.

Ndinalifufuta n'kulitsitsa mongoganizira. Tsiku la phwando mayi wina wovala zaupolisi anaima pamenepo, n'kuika dzanja lake pa bangalo, n'kuuza anzake kuti munthu ameneyu ankafika kunyumba atatopa kwambiri. Ine ndinali kuseri kwa khomalo ndi chitini cha penti, ndipo ndinalira, achimwene. Mawa lake tinagwetsa zonse. Mapulayi omwewo tikumangira sitima ya pamadzi.

Chikundipweteka n'chakuti sindikudziwa kuti bambo anali aatali bwanji. Pa chithunzi chokhacho chija anakhala pampando. Musavutike kundiyezera ndi tepi, manambala sandithandiza. Pentani nyumba yonse, alamu alowe moyera, koma pa banga la bambo pokhapo mupadumphe. Akadandaula kuti pakunyansa, pachikanipo kalendala. Ndikapatsidwa tchuthi ndikufuna ndidzaime pakhomopo ndekha, ndidzaikepo dzanja langa, ndione ngati ndinawapitirira.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo, ndi kwa alamu anga amene ndikuwakonzera mavuto asanandidziwe n'komwe. Amayi muwapatse moni wapadera, koma zoti ndinalira musawauze.

Ndine mlongo wanu,
Mzime