Kalata Ilibe Miyendo

Bangwe, Limbe
18 Sepitembala 2001

Okondedwa achimwene a Dyson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija likukuvutanibe mukapalasa njinga? Nanga mayi, chifuwa chinasiya? Ine kuno ndilipo, kungoti maso ayamba kundiwawa ndi makina, poti abwana alandira ntchito ya mayunifomu a kwaya ndipo tikumasoka mpaka dzuwa kulowa. Pampopi wathu lero ndi tsiku lachinayi madzi osatuluka, tikukatunga kuchitsime ngati kwathu komwe. Koma izo ndi zazing'ono. Chandigwiritsa bolopeni ndi china, ndipo musaganize kuti ndikulemba ndikumwetulira.

Dzulo kushopu kuno kunafika a Tobias, aja amabwera ndi nandolo ku Limbe. Uthenga wanu anandipatsa. Akuti mukufuna ndilembe kalata ina, yaifupi, yotchula dzina lanu bwinobwino, ndipo ngati nkotheka abwana anga adindepo chidindo kuti pasakhale wokana. Ndinawafunsa kuti kalata yachiyani. Anayamba kuyang'ana pansi, kukanda m'mutu, mpaka ndinawakhazika pabenchi n'kuwauza kuti sachoka asanandifotokozere zonse. Achimwene, ndinamva zinthu zoti singano inandigwa m'manja.

Ndilembe monga anandiuzira, ndipo ngati pali bodza mudzanditsutse. Akuti pa chisankho cha wapampando wa komiti ya sukulu yathu munaima inu ndi a Belita, monga mwa nthawi zonse: opikisana kutsogolo atafulatira, makolo kundanda kumbuyo kwa yemwe akumufuna. Ahedi atawerenga anapeza 63 kwa inu, 63 kwa a Belita. Anawerenganso kachiwiri, chimodzimodzi. Apo m'pamene inu munapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa envelopu yanga, n'kunena kuti mlongo wanu Zelifa ndi kholo la mwana pasukulupo ndipo wavota kudzera papositi. Munafuna ndithu kuti envelopuyo aiike pansi kumapeto kwa mzere, aitsindire ndi mwala, aiwerenge ngati munthu wa 64.

Nzeru imeneyi munaitenga kuti? A Tobias akuti munauza anthu kuti chaka chatha munamva pawailesi kuti ku Amereka anthu ena amavota potumiza kalata. Mwina ndi zoona, ine sindinafikeko. Koma kumeneko ayenera kuti ali ndi mapepala ake a ntchito imeneyo. Sindikhulupirira kuti amatenga kalata yofunsa za chifuwa cha mayi awo n'kuiimika pamzere. Kuchokera ku Chiringa kukafika ku Amereka ndi patali, achimwene, ngakhale panjinga yanu ija.

Inde, ndinalemba kuti ndikanakhala komweko ndikanaima kumbuyo kwanu. Sindikukana. Amenewo ndi mawu a mlongo polimbikitsa mchimwene wake, monga ndimanenera kuti ndikanakhalapo ndikanakuthandizani kupalira. Kodi munda unapalirika ndi mawu amenewo?

Zikanathera pomwepo ndikanangoseka nawo, poti akuti anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, amayi ena n'kufuula kuti kalata ilibe miyendo. Koma ahedi ananena kuti aiwerenge kaye kuti onse amve ikuvotera ndani. Inu, poti magalasi munasiya kunyumba, munapereka envelopu yonse kwa mlembi wa kutchalitchi, bambo aja mawu awo amamveka mpaka kudambo. Simunawauze poyambira kapena polekezera.

M'envelopumo munali mapepala awiri. Loyamba linali lanu. Lachiwiri ndinalipinda palokha, ndipo pamwamba pake ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndi la mng'ono wanga Alesi yekha. Ndinalidutsitsa kwa inu chifukwa ndinu amene mumakatenga makalata ku Chiringa, ndipo ndinati m'manja mwa mwini mbumba chinthu sichingatayike. Milungu iwiri yathunthu pepalalo linagona m'jekete mwanu, pamene kwa Alesi mumadutsapo tsiku lililonse popita kumsika.

Mukudziwa tsopano zimene zinalimo, poti mudzi wonse ukudziwa. Mwana wanga Enelesi anandilembera mobisa kuti wakula, kuti zinamupeza ali m'kalasi n'kudetsa yunifomu, ndipo anadikira anzake onse atuluke kuti aimirire. Anandipempha ndisauze munthu. Ine ndinauza Alesi yekha, poti ndiye akumusunga, kuti amulangize mwakachetechete, amupezere nsalu, ndiponso kuti za chinamwali zidikire mpaka atalemba mayeso a Sitandade 8. Zimenezi ndi zoti ngakhale inu, malume ake, simumayenera kuzimva m'mawu amenewo. Koma zinawerengedwa pabwalo la sukulu masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa makolo oposa zana, anyamata a m'kalasi mwake atakwera pamawindo. Akuti a Belita ndi amene anathamanga n'kukalanda pepalalo, koma mlembi anali atafika kale pa dzina la mwana.

Ndikulemba pano mtima ukundiwawa, ndipo manyazi a mwana wanga ndikuwamva m'thupi mwangamu. Ndakwiya nanu, achimwene, sindibisa.

Chimene chandipsetsa mtima koposa ndi ichi. Ndinafunsa a Tobias kuti nanga Enelesi ali bwanji. Akuti chichitikireni zimenezo sanalowemo m'kalasi. Lolemba lake anayesa, koma anapeza pabolodi palembedwa kuti namwali wa papositi, ndipo anabwerera pakhomo pomwe. Tsopano akungokhala kuseri kwa nyumba kusenda chinangwa, ngakhale kumjigo akumapita anzake atachoka. Masiku a sukulu amene wajomba akwana asanu ndi awiri, mayeso ali pakhomo. Ndinawafunsanso ngati munawatuma mawu aliwonse okhudza mwanayo. Akuti ayi, munangotsindika za chidindo.

Chidindo! Mwana wa mlongo wanu wasiya sukulu, sukulu yomweyo imene mukufuna kukhala wapampando wake, inu mutu uli pa chidindo.

Mukudziwa chimene ndinabwerera kuno. Ine ndinalekezera Sitandade 5, ndipo bambo ake a Enelesi atamwalira ndinalumbira kuti mwana ameneyu akalowa sekondale ndili moyo. Ndi mwana wamutu, aphunzitsi ake amatero. Akaphonya mayeso a chaka chino, ine ndikudziwa mmene zimathera kwathuko. Anthu amva kale kuti wakula. Sipapita miyezi itatu kudzabwera wina atavala jekete yobwereka, kudzafunsa mbeta, ndipo adzayambira kwa inu nomwe.

Akuti a Belita apitako kawiri kwa Alesi. Anakhala ndi mwanayo pamkeka, anamubweretsera makope a mdzukulu wawo kuti akopere zimene anzake aphunzira, ndipo anapita kwa ahedi kukanena za anyamata olemba pabolodi aja. Mayi amene mukulimbana nawo ndi amene akumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinawanyoza mumtima nthawi ija munandiuza kuti akuima nawo, ndipo lero ndikuchita manyazi.

Madzi akatayika saoleka, zimenezo ndavomereza. Pempho langa ndi limodzi lokha. Kalatayi ikakupezani, pitani kwa Alesi, muitane Enelesi, mumupepese ndi pakamwa panu. Musatume alamu, musatume mayi. Kupepesa mwana sikuthyola msana. Ndiyeno Lolemba m'mawa mumukweze panjinga yanu, mukamutule pakhomo la kalasi, ndipo muime pamenepo mpaka atakhala pansi. Anyamata aja akaone kuti mtsikanayo ali ndi malume. Lachiwiri muteronso, Lachitatu muteronso, kufikira atanena yekha kuti basi. Mawu okopa anthu muli nawo ambiri, ndinamva kuti pa kampeni munalonjeza zimbudzi zatsopano ndi mpanda. Sungankoni ochepa a mwana mmodzi ameneyu.

Za kalata yachidindo iwalani. Ndamva kuti ahedi anaimika chisankho chija ndipo makolo adzandandanso Loweruka pa 29. Ndapempha kale tchuthi kwa abwana, andilola masiku awiri. Ndikwera basi Lachisanu, ndipo Loweruka ndidzakhala pabwalopo ndi miyendo yanga iwiri, wondiwerenga adzandiwerenge akundiona. Ndisanapite kubwaloko ndidzayamba ndaona makope a Enelesi. Ndikadzapezamo madeti a sabata yonseyo, kuyambira Lolemba, ndidzaima kumbuyo kwanu monga ndinalembera. Ndikadzapeza masamba oyera, kumbuyo kwa a Belita malo alipo. Inu mudzakhala mutafulatira, ndiye simudzandiona. Mudzangomva ahedi akutchula kumene kwagwera 64.

Kalatayi ndapatsira a Tobias pamanja. Ya Alesi ilinso ndi iwo, koma imeneyo ndaikulunga m'nsalu n'kuisoka pamakina mbali zonse zinayi, ndipo ndawauza kuti ngakhale mutawapempha bwanji asakugwiritseni. Yanuyi ngati mukufuna kukaiwerengetsanso pagulu, kaiwerengetseni, koma mlembi akafike mpaka kumapeto.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja ndibwera nawo. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali a kuphiri, ndi kwa Alesi. Kwa Enelesi musandiperekere moni. Mukakafika kwa iye mukanene mawu anuanu.

Ndine mlongo wanu, wokwiya koma wanu ndithu,

Zelifa