Alendo a m'mwala wa ku Nacala

Lachitatu, 2 Epulo 2025

Saumu wabwerera lero, sitima ya m'mawa. Idi yatha, m'nyumba zii. Koma mwana wandisiyira ntchito. Bokosi lagalasi, madzi amchere malita 60, mchenga woyera, mwala umodzi wamabowomabowo, nsomba ziwiri. Anamupatsa ku hotelo ya ku Nacala kumene amagwira ntchito. Tsopano ali ndi maphunziro ku Nampula mpaka pa 26, womusungira palibe. Akuti, "Baba, mwapha nsomba zaka 31 pa nyanja ya Chiuta. Ziwiri zokhazi musaphe." Ndinaseka.

Malamulo atatu, ndamata pakhoma. Kapampu ka sola kasazime. Madzi akatsika pamzere, kuthira amvula. Chakudya kamodzi patsiku, chotsina ndi zala ziwiri.

Nsomba ina yofiirira, mizere yoyera itatu. Ina yachikasu, ngati chala changa chaching'ono, maso pamwamba ngati chule. Ya pamtima pake ndi imeneyi. Anaitcha Maso.

Loweruka, 5 Epulo

Mwala uja uli ndi eni ake!

Dzuwa litangolowa pawindo, nkhono ziwiri pagalasi. Dzulo panalibe. Kenako kankhanu ngati njere ya chimanga, miyendo yaubweya. Ndinaitana Mastura, mayi a Saumu. Mastura kuyang'anitsitsa, akuti, "Zakwera sitima popanda tikiti izi."

Ndatsegula tsamba kumapeto kwa kope lino. Alendo: nkhono 2, nkhanu 1. Ndazijambula ndi lapisi. Nkhanu yatuluka ngati nkhupakupa, komabe ine ndikuidziwa.

Madzi atsika chala chimodzi. Makapu 3.

Lachiwiri, 8 Epulo

Kanthu ngati kangaude, miyendo isanu, mutu palibe. Bongololo wofiira waubweya, amatuluka theka n'kubwerera. Timaluwa tiwiri pamsana pa mwala, ndikayandikitsa chala timalowa m'kati, phethi!

Ndinatumiza zithunzi pa foni. Saumu wayankha ndi mawu. Wamiyendo isanu ndi nyenyezi ya m'nyanja, imadya zotsala. Bongololo osamugwira, amayabwa ngati chitedze. Timaluwa si maluwa ayi, ndi nyongolotsi zovala nthenga.

Zaka 63. Ndinkati zam'madzi ndinazimaliza. Lero ndakhala pa mpando ngati mwana wa kalasi yoyamba, tiyi kuzizira m'manja.

Alendo 7.

Lachisanu, 11 Epulo

Titatuluka kumzikiti a Bwanausi anditsatira, mnzanga amene tinkapalasa naye bwato limodzi. Anawerama, manja kumbuyo. "A Jamali, mwayamba kuweta matemba ovala yunifomu? Onse awiri sangakwane ngakhale msuzi wa mphaka." Anati akhala pang'ono. Anachoka dzuwa litapendeka. Nkhono zina ziwiri anaziona ndi iwo. Alendo 9.

Chinthu chimodzi sichinandisangalatse. Tili phee, tinamva tsa! m'bokosi, ngati wina wathyola kamtengo kouma. Ndapapasa galasi mbali zonse zinayi, mng'alu palibe. Kufika madzulo, kanayi.

Lamlungu, 13 Epulo

Maso palibe.

Ndayang'ana pansi, kuseri kwa bokosi, m'kapampu. Mphaka ndamupirikitsa, mwina wosalakwa. Yamizere ikusambira yokha. Pansi pa mwala pali kamulu ka mchenga kamene sindinaunjike ine. Tsa! kasanu ndi kawiri.

Saumu anaimba. Ndinamufunsa za mayeso, za chakudya cha ku Nampula, za nsapato zake. Anafunsa za Maso, ndinati netiweki ikudula.

Nsomba zimene ndinapha sindingaziwerenge. Kamodzi aka kandilanda njala.

Lolemba, 14 Epulo

A Bwanausi akuti nkhani ndi yapafupi. M'mwalamo muli chilombo, cholira chija. Kwathu mono ukadzaza misundu timaupachika padzuwa, zonse n'kuyoyoka. Mwalanso chimodzimodzi, tsiku limodzi pa thandala la nsomba. Mastura akuti madzi otentha achita msanga.

Ndalingalira. Ndikauyanika, afa alendo 9 amene sanandilakwire. Ndikausiya, yamizere ipitanso, mwana adzapeza madzi okhaokha.

Mawa, dzuwa likakwera. Tsamba la alendo ndalipinda, sindikufuna kuliona.

Lachiwiri, 15 Epulo

Alhamdulillah! Ndilembe bwinobwino.

Beseni linali pafupi, manja a malaya ndapinda. Bondo lakumanzere linandigwira, ndinayamba ndakhala pansi pa simenti. Masiku 13 onse ndimayang'ana ndili pa mpando. Lero maso anga analingana ndi mchenga.

Kunsi kwa mwala, kuseri kwa kamulu kaja, kauna. Pakhomo pake kamutu kachikasu. Maso! Wamoyo, mimba yokhuta. Kumbuyo kwake kunatuluka kanyama ngati kamarawu, kankhanu kakatali ka m'nyanja yamchere, dzanja limodzi lalikulu kuposa linzake, kakukankha mchenga ngati thalakitala. Kandevu kake kakatali kali pamsana pa nsomba, osachotsa. Nditasuntha mutu, Maso anagwedeza mchira, onse awiri m'una lowu! Kenako tsa!

Ndinadikira theka la ola, foni m'manja. Anatulukanso, ndinajambula kanema, ndinatumiza.

Saumu kuseka mpaka kutsokomola. Akuti kamarawu ameneyu saona bwino. Iye amakumba nyumba, nsomba imalondera pakhomo, amagona limodzi. Phokoso lija ndi dzanja lake lalikulu. Ndinaulula zonse, za netiweki, za thandala. "Mukanauyanika, Baba, bwenzi mutamuumitsa Maso ngati utaka." Sanakalipe. Anangoti ndisadzamubisirenso. Ndavomera.

Mastura anagwada, anaona, anadzuka akupukuta maondo. "Ndawadziwa awa. Wina akusesa, wina wangokhala pakhomo kutuzula maso. Nyumba ino yomwe."

Mphaka ndamupatsa mutu wa mlamba. Tsamba ndaliwongola. Alendo 10.

Lachinayi, 24 Epulo

Masiku awiri atsala. A Bwanausi tsopano amabwera ndi mkeka wawo, kugona chafufumimba patsogolo pa bokosi. Za misundu satchulanso. Kamarawu amutcha Fundi, akuti ndi mmisiri.

Dzulo ndinatsuka zigubu zonyamulira madzi, mtima wolemera. Lero uthenga wa Saumu. Akuti nyumba ya Maso isagumulidwe ndi sitima. Bokosi likhala kuno. Pa 26 akubwera ndi madzi atsopano malita 20, ndi kamwala kena kakang'ono.

Kamwala kena! Ndalemba mizere patsamba latsopano, kuyambira 11 mpaka 30.

Madzi atsika theka la chala. Kapu 1 ndi theka.

A Bwanausi akundiitana. Akuti pagalasi pali kobiriwira, kali ndi tinyanga tiwiri, kakuyenda...