Banzi la ku Sitediyamu

Ndirande, Blantyre
28 Juni, 1982

Wokondedwa Bashiru mwana wanga,

Moni ku Halale konko. Ife tilipo, koma usati tili bwino. Kalatayi ndapatsira a Ambrosi oyendetsa thiraki kuti ikupeze msanga. Zolemba zanga n'zopalasa nkhuku, pirira nazo.

Mwana wako Safiya anamusankha kusukulu kuti akaonetse nawo masewera pa 6 Julaye. M'mawa uliwonse lole imawatenga kupita ku sitediyamu kukaphunzira kuguba, kubwerako dzuwa litapendeka. Ndinakondwa ine chitsiru. Nsapato zoyera ndinabwereka kwa a Bernadeta oyandikana nafe, n'zazikulu, ndimatsendera nsanza kuzala. Siketi ndinamasula mpendero kuti ibise mawondo. Juzi akuvala yanga, poti chiperoni cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa. M'kathumba ndimamuikira mbatata yootcha ndi botolo la madzi.

Ndiye mwezi wa Ramazani waoneka, mwana akuti akufunga, sadya samwa mpaka dzuwa lilowe. Mbatata ikubwerera mmene ndaikulungira. Zimenezo ndikanapirira. Koma masana kumeneko amagawa banzi ndi tiyi, akuti mphatso ya chipani, ndipo Safiya akumakana. Lachisanu wayufi wina, Nedson, yemwe uja ndinkamuona akuyenda mamina ali chuchuchu pa Chinseu pano, anamuimiritsa pamaso pa anzake. Akuti, "Okana za chipani timawadziwa. Kwanu ndinu a Mboni eti?" Mwana kuyankha kuti ndi Msilamu, iye akuti, "Onse amatero akagwidwa."

Bashiru, unaona ndi maso ako zimene zinawachitikira a Malizani, a Mboni aja. Nyumba yawo mpaka lero mukugona mbuzi. Sindilemba zambiri, pa malire amatsegula makalata.

Loweruka Nedsoniyo anabwera pakhomo. Ndinamuonetsa khadi la chipani, mkeka wanga woswalira, ngakhale kofia ya malemu bambo ako. Anangoseka. Akuti sabata ino mwana akapanda kudya banzi anthu akuona, dzina lathu lipita kwa a tcheyamani. Pakamwa panga ukupadziwa, koma ndinadziluma lilime, mpaka kumutchula kuti "achimwene".

Safiya ndinapita naye kwa a shehe Ahmad. Anamuuza bwinobwino kuti mwana wosatha msinkhu alibe tchimo akadya. Iye maso pansi, akuti, "Ababa pochoka anandiuza kuti chaka chino ndifunge ngati mmene ankafungira amayi." Ndamukalipira, ndamunyengerera, dzulo ndinamumenya ndi chipande, ine amene sindinamukhudzepo chimwalirireni mayi ake. Sanalire. Anangodzuka n'kukapaka choko nsapato zija.

Mawu amenewo iwe unawalankhula sutukesi ili kale pamutu, mwina unawaiwala usanafike ndi pa Mwanza pomwe. Mwanayu wawameza. Unamanga ndiwe, masulanso ndiwe. Usalembe kalata, ichedwa. Tumiza telegalamu ku sitolo ya a Hussain, ungoti Safiya idya, dzina lako pansi. Bulangete unalonjeza lija lisiye, ndifunda chiguduli.

Kumuletsa kupita sindingathe, wojomba amamulondola pakhomo. Mawa ndimukulungiranso mbatata, ndimuperekeza mpaka pa lole, ndipo ndikaima pomwepo ngati wamisala mpaka fumbi lithe.

Azakhali ako akupereka moni, a Bernadeta nawonso. Safiya ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Nkhope yawala koyamba sabata yonseyi. Akuti ndikuuze kuti sanaphonye kufunga ngakhale tsiku limodzi.

Ndine mayi ako,
Zeinabu