Pulogalamu Yanu Yafufuta Mawu a Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Maganga tilipo, koma mayi sakudya bwino chiyambire Lachisanu.

Pulogalamu yoyeretsa foni imene munaichemerera ija ndinaiika mufoni ya mayi. Inati yapeza zinyalala zambiri, ine n'kudina kuti ichotse. Zinyalala zakezo anali mauthenga a mawu amene malemu bambo ankatumiza ali panyanja, aja mayi ankamvera akamaliza kuswali m'mawa. Pulogalamu yanji yosasiyanitsa mawu a munthu ndi zinyalala? Foni ikuthamangadi, koma mayi sakuigwiranso.

Chonde fufuzani mufoni mwanu. Mukapeza uthenga wa bambo, ngakhale uja wokukalipirani, tumizani msanga. Allah akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Amina