Mwana wanga akuimba ndi mawu a mwamuna wina

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54, ntchito yanga ndi utelala. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma kuno ku Mbamba Bay, ku Tanzania, ndakhalako zaka 27. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina panjira ya kudoko, ndipo anthu amangonditchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri. Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale ansembe athu.

Mkazi wanga Tekla kwawo ndi ku Liuli. Tili ndi ana atatu, woyamba ndi Mayeso, wa zaka 22. Mnyamata ameneyu amaimba, Aphungu, ndipo sindikunena chifukwa choti ndi wanga. Akayambitsa nyimbo m'tchalitchi ngakhale a chifuwa amaiwala kutsokomola. Ine kuimba sinditha. Mawu anga ndi oitanira makasitomala basi.

Ku Liuli kuli bambo ena, a Severin, amene atsogolera kwaya zaka zambiri. Kuyambira ku Lituhi mpaka kuno palibe wosadziwa mawu awo, ndipo ine ndine mmodzi mwa owakonda kwambiri. Chaka chimene ndinakwatira ndinagula kaseti ya kwaya yawo. Ndinkaiika tsiku lililonse posoka, kuyambira m'mawa mpaka mabatire atafooka. Mayeso anakulira pansi pa tebulo langa akuseweretsa tizidutswa ta nsalu, chifukwa amayi ake ankakhala kugombe kugula usipa wogulitsa. Tsiku lina wailesi inatafuna kasetiyo. Ndinaiwongola ndi bolopeni, poduka n'kulumikiza ndi kyuteksi wa Tekla. Pamalo polumikizapo mawu a a Severin ankanjenjemera n'kutsika pang'ono, koma sindinaitaye. Ikadali m'chitini cha mabatani, ngakhale wailesiyo inafa Mayeso ali sitandade 4 ndipo chiyambire sindinaimverenso. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti a Severin sindidana nawo.

Vuto linayamba mwezi watha paukwati wina. Mayeso anaimba nyimbo ya a Severin, ya Chiswahili, yopempha Ambuye kuti atiwolotsere kutsidya, kumene m'Chiswahilimo amati ng'ambo. Anthu amene anali panja anathamangira m'mawindo, ati a Severin abwera. Ataona kuti ndi mwana wanga anaseka, amayi n'kululutira. Ine mtima unali myaa. Ndiye tili pachakudya, mnzanga Onesmo, amene timasewera naye bawo, anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Fundi, iwe unangosoka malaya, koma kholingoli linachokera ku Liuli." Anthu anaseka. Wina anawonjeza kuti, "Kodi shemeji, mlamu wathu Tekla, sankaimba kwaya yomweyo?"

N'zoona, Aphungu. Tekla asanakwatiwe ankaimba aluto mu kwaya ya a Severin, ndipo chaka choyamba cha banja lathu ankapitapita kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo, Mayeso akamaimba kubafa sindimvanso mwana wanga. Ndimamuyang'ana makutu, mphuno, mayendedwe. Chinanso chikundisautsa n'chakuti a Severin ali ndi mwana wawo wamwamuna, Denis, wokonza injini za maboti, amene akati aimbe anthu amayang'ana ngati kwalowa mbuzi. Ndiye ndimadzifunsa kuti mawuwo anadumpha bwanji Denis n'kudzagwera m'nyumba mwanga?

A Severin atamva za ukwati uja anabwera okha kudzamumvera Mayeso. Ndi munthu waulemu, moni anandipatsa ndi manja awiri. Mayeso ataimba nyimbo ija, bambowo anapukuta misozi n'kunena kuti, "Kijana, ukupuma pamene ndimapuma ine, ukukoka pamene ndimakoka ine. Koma pa liwu loti ng'ambo paja ukunjenjemeretsa n'kutsitsa. Zimenezo ine sindinachitepo. Unazitenga kuti? N'zokoma, usazisiye." Mayeso anangoti, "Nyimboyo ndimaidziwa choncho, Mzee." Ena anaona chikondi cha mphunzitsi m'misoziyo. Ine ndinaona zina.

Tsopano amuitana kuti akaimbe nawo limodzi ku Liuli pachikondwerero cha mpingo. Kwatsala masabata atatu. Ine ndamuletsa, osamuuza chifukwa. Anandifunsa kuti, "Baba, ndalakwa chiyani?" ndipo ndinangoponda makina. Dzulo Tekla anati, "Bambo a Mayeso, masiku ano mukundiyang'ana ngati nsalu imene mwaidula molakwika. Nenani, tili awiri."

Ndikuganiza zoitana alongo ake a Tekla kuti tikhale pansi, ndimufunse pamaso pawo. Zaka 23 sanandipatseko chifukwa chomukayikira. Koma makutu anga sanama. Ndichite chiyani?

Z.M., Mbamba Bay

Bambo Z.M.,

Alamu anu musawaitane. Ndayamba ndi chimenecho chifukwa ndicho chofulumira.

Makutu anu sakunama, mawu a anthu awiriwa akufananadi. Chimene chakusokeretsani ndi tanthauzo limene Onesmo anaikapo ali ndi nyama m'kamwa. Tiyeni tisiye nthabwala yakeyo, tiwerenge zimene mwalemba nokha.

Thupi limapereka gawo lina la mawu. Kukula kwa kholingo ndiko kumachititsa kuti wina akhale wa besi, wina wa tenala. Koma amuna a tenala alipo mazanamazana m'mbali mwa nyanjayo, ndipo bambo wawo si mmodzi. Chimene timazindikira nacho woimba tili panja pa windo ndi china: pamene amapuma, mmene amakokera liwu, mmene amatsekera mzere. Izi siziyenda m'magazi. Zimalowa kukhutu, monga chilankhulo. Ndikhulupirira kuti Mayeso Chiswahili chake ndi cha ku Mbamba Bay, chosamveka Nkhotakota m'kati ngati chanu, koma simunakayikirepo kuti ndi wanu chifukwa cha chimenecho. Taonaninso zimene a Severin anatchula: kupuma ndi kukoka. Katswiriyo anatchula zophunzira zokhazokha.

Denis mwamubweretsa ngati mboni yanu, koma akuchitira umboni Tekla. Mwana amene palibe akumukayikira kuti ndi wa a Severin saimba ngati a Severin. Ngati mawu ndiwo chizindikiro cha magazi, tenganani ndi Onesmo mukauze amayi a Denis kuti nawonso ali ndi mlandu. Mukaona kuti zimenezo n'zopusa, dziwani kuti n'zopusanso m'nyumba mwanu.

Tsopano mfundo imene yandichititsa chidwi. Mwanena kuti mwana wanu, pa zaka zimene ana amatola chilichonse chomwe amva, anakhala pansi pa tebulo akumva woimba mmodzi tsiku lonse, chaka ndi chaka. Ana a m'kwaya amaphunzira kawiri kapena katatu pa sabata. Wanu ankaphunzira kuyambira m'mawa mpaka mabatire atafooka. Akanakula osafanana mawu ndi a Severin, chimenecho ndicho chikanandidabwitsa. Mwanenanso kuti polumikiza ndi kyuteksi mawu ankanjenjemera n'kutsika. Kenako mwanena kuti pali malo amodzi okha pamene Mayeso amasiyana ndi a Severin, ndipo pamenepo amanjenjemeretsa n'kutsitsa. Mawu ake ndi omwewo, Bambo, mwawalemba kawiri osazindikira.

Chitani izi. Tulutsani kasetiyo m'chitini. Funani wailesi ya kaseti yamoyo. Okonza mawailesi sasowa nayo imodzi, ndipo malole ena akale opita ku Mbinga akadali nazo. Imvereni muli nokha, mutchere khutu pa liwu loti ng'ambo. Kaseti yanu sindinaimve, choncho sindilumbira. Koma kunjenjemerako mukakupeza pamenepo, funso la a Severin layankhidwa, ndipo lanunso. Mwanayo anaphunzira nyimbo pamodzi ndi chilema cha tepi, n'kuchisandutsa chokometsera chimene mwini nyimbo wachisirira. Magazi satengera kuduka kwa tepi. Ndipo ngakhale mutapeza kuti cholumikiziracho chili pa nyimbo ina, dziwani kuti mukadali opanda umboni uliwonse, kupatula nthabwala ya paukwati.

Mukatero, yambani ndi Tekla. Mayi ameneyo ndamulemekeza. Waona kuti mukudwala mumtima ndipo wakutsegulirani khomo yekha: "Nenani, tili awiri." Lowerani pamenepo. Koma musapite ndi funso loti mwanayu ndi wa ndani. Pitani ndi kuulula: anthu ananena chakuti, ine chinandilowa, ndakuzunza nacho mwezi wathunthu, undikhululukire. Akakwiya, mulekeni akwiye, ali ndi chifukwa.

Mayeso muloleni apite ku Liuli, ndipo mumuuze sabata ino kuti apeze nthawi yokonzekera. Safunika kudziwa zonse zimene zinali m'mutu mwanu. Mungomuuza kuti simunaganize bwino. A Severin musawaope. Munthu amene waimba zaka zonsezi, n'kuyenda ulendo kukamvera mnyamata amene anthu akuti wafanana naye, n'kumuuza kuti pamene wasiyana nayepo asasiye, ameneyo si wolanda mwana. Oimba ambiri akamva mawu awo m'kamwa mwa wina amachita nsanje. Awa analira ndi chimwemwe. Aphunzitsi otere ndi osowa.

Onesmo mumutengere pambali pa bawo, mumuuze mwachidule kuti dzina la mkazi wanu si loseweretsa. Mwina iye anaiwala kale kuti ananena. Nthabwala zotere wonena amagona, womva ndiye amakhala maso.

Chenjezo langa ndi ili. Funso limene mukufuna kufunsa pamaso pa alamu anu silibwezeka. Tekla adzayankha, abale adzabwerera kwawo, mwina banja lidzapitirira. Koma Mayeso adzamva, chifukwa nkhani zotere m'mbali mwa nyanja zimayenda msanga kuposa boti, ndipo nthawi iliyonse akatsegula pakamwa kuti aimbe adzakumbukira kuti mawu ake ndiwo anaika amayi ake pabwalo. Inu mukudziwa kuposa ine kuti chinthu chikaduka n'kulumikizidwa, pamalopo pamanjenjemera mpaka kale.

Musokereni mnyamatayo malaya atsopano, mupite naye ku Liuli pamodzi ndi amayi ake, mukakhale kutsogolo. Awiriwo akamaimba, mudzalephera kusiyanitsa kuti uyu ndi uti, ndipo musavutike nazo. Dikirani afike pa ng'ambo. Mmodzi adzawongoka, wina adzanjenjemera n'kutsika. Wotsikayo ndi wa telala.

Phungu wanu