Azakhali Abisa Lichero

Lachinayi madzulo. Tsiku lonse ndakhala ngati mkaidi.

Azakhali apeza kope limene ndikulembamo buku la achinyamata, lija la Tamara, mtsikana wouluka pa lichero mumzinda wa Lilongwe kufunafuna mng'ono wake. Awerenga masamba atatu okha n'kundifunsa, "Iwe, wadziwa bwanji mmene amakwerera?" Ndati ndangopeka, koma angondiyang'ana. Lichero lathu alibisa kuchipinda kwawo, ndipo akuti Lamulungu tikaonane ndi akulu ampingo ku Bandawe.

Ndikalemba mogwira mtima, ndine mfiti. Ndikachotsa matsengawo, buku latha. Kopelo nalonso alitsekera m'sutikesi. Tamara ndinamusiya m'malere pamwamba pa depoti ya mabasi, ndipo sindingathe kumutsitsa.