Mapepala a Veronika

Lolemba, 7 Okutobala
Kutentha kuyambira m'mawa. Veronika, mwana wa azakhali, wabwera kuno ku Ngabu pa kabaza, masetifiketi ali m'jumbo. Kukampani ya nzimbe akufuna kalaliki wa pasikelo, malo amodzi okha. Akuti mapepala onse atumizidwe ngati fayilo imodzi ya PDF, yosapitirira ma MB awiri. Iye kafoni kake n'kamabatani, ndiye wadalira ine. Sindinamuuze kuti nanenso ndikufunsira. Ndajambula mapepala ake pakhonde. Mapointi ake a Fomu 4 ndi 17. Anga 30, wandiposa kutali.

Lachiwiri, 8 Okutobala
Netiweki yovuta, bandulo kutha ngati madzi. Ndapeza tsamba la pa intaneti losinthira zithunzi kukhala PDF. Mapepala anga ndinajambulanso katatu mpaka chidindo chikuwerengeka. Fayilo ya Veronika inatuluka yaikulu, ma MB 9. Tsambalo linafunsa: kuchepetsa pang'ono kapena kwambiri? Ndinadina kwambiri. Nditatsegula, manambala ngati nyerere zopondedwa, dzina losaoneka n'komwe.
Ndilembe zoona. Ndinaona. Nthawi inalipo, bandulo inatsalako. Ndinatumiza choncho.

Lachisanu, 11 Okutobala
Waimba. "Zinatheka, asuweni?" Ndati zinatheka. Madzulo watumiza milamba youma inayi yondithokoza. Sindinadyeko. Amayi akuti mwina ndi malungo.

Lachiwiri, 22 Okutobala
Andiitana ku intavyu. Veronika zii. Ndamuuza, koma ndanama kuti ndinangoyesa tsiku lomaliza. Anangoseka: "Bola wa kwathu alowe." Kukanakhala bwino akananditukwana.

Lamulungu, 27 Okutobala
Ku Misa sindinalandire Ukaristia. Potuluka azakhali andigwira manja onse awiri, kundithokoza: "Takhuta, mwananga, unamuthandiza mnzako. Mwayi sunali wake basi." Veronika wabwerera kogulitsa nsomba, mwana kumsana. Bambo wa mwanayo ali ku Joni, chaka chachitatu osaimba. Zonsezi ndinkazidziwa pamene ndinkadina.

Lachitatu, 30 Okutobala
Intavyu. Bulauzi yoyera ndabwereka kwa Veronika, anachita kundisitira yekha. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Mayi wa muofesi, potilembetsa mayina, anadandaula kuti ambiri anatumiza zosawerengeka. "Munthu tingamuitane bwanji dzina lake sitikuliona?" Ndinapempha madzi akumwa.

Lachisanu, 8 Novembala
Ntchito ndaipeza. Amayi nthungululu mpaka aneba kutuluka m'nyumba.
Masana ndinatsegulanso tsamba lija. Zithunzi za Veronika zikadali mufoni. Ndinadina pang'ono. Fayilo yosafika ma MB awiri, chilembo chilichonse chooneka bwinobwino, siginecha ya ahedi yomwe. Mphindi ziwiri zokha. Ndinawerenga pawotchi.

Lamulungu, 10 Novembala
Ndapita kwa Veronika kudambo. Ndinamupeza akutembenuza nsomba pathandala, azakhali ali kumunda. Mawu amene ndinakonza panjira onse anathawa, ndiye ndinangomupatsa foni. Iyi ndi imene ndinatumiza, iyi ndi imene ndikanatumiza. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyang'ana nthawi yaitali, kukulitsa ndi zala, kubwerera, kukulitsanso.
Anafunsa funso limodzi: "Munaona musanatumize?"
Ndinati eya.
Sanalire, sanakalipe. Ndinati mawa ndikanena kuofesi, mwina angamuganizire. Anapukusa mutu. "Akuchotsani inu, ine osanditenga. Ndiye tapindula chiyani?" Anandibwezera foni. "Amayi anga musawauze. Amakukondani."
Anapitiriza ntchito yake. Ndinakhala pamkeka mwina theka la ola, mwana wake akusewera ndi zipi ya chikwama changa. Nditatsanzika anangoti muyende bwino, maso ali pansomba.
Sanandiperekeze. Chiyambire tili ana, Veronika sanalekepo kundiperekeza mpaka pamsewu, kaya mvula kaya dzuwa. Ndinacheuka kawiri.
Mawa 7 koloko ndikhale ndili pasikelo. Nsapato ndapukuta. Sindikudziwa ngati ndipitako.